Kupaki sitipita ngati kuukwati

Chaka chilichonse mwezi wa Seputembala ukafika, a zokopa alendo amatulutsa ng'oma yawo ija yoti tidziyamba ndife Amalawi. Pawailesi, pa Facebook, m'manyuzi, uthenga umakhala umodzi: tisamangomvera kwa alendo akunja kuti dziko lathu lili ndi njovu ndi mikango, tipite tikadzionere tokha. Ine uthengawu ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Chomwe chimandidandaulitsa n'choti amatiuza kuti tipite, koma palibe amene amakhala nafe pansi n'kutiuza kapitidwe kake. Ndiye munthu amasunga ndalama miyezi ingapo ku banki m'khonde, amanyamula banja, n'kukabwerako atatopa, atapsa ndi dzuwa, ataona agwape awiri ndi anyani, akulumbira kuti zamapaki n'za azungu. Munthu ameneyo sadzapitanso, ndipo auza anzake onse kuti asataye ndalama zawo.

Ndikunena zomwe ndidazionapo. Ulendo wanga woyamba tidapita gulu la kuntchito, anthu 14 m'minibasi, kunkhalango ina ya kuchigwa cha Shire, mwezi wa Okutobala. Tidapangana zonyamuka 6 koloko m'mawa. Tidanyamuka cha m'ma 9, poti wina adali asanasambe, wina amadikira kuti nkhuku imalize kukazingidwa, wina adakumbukira tili kale mumsewu kuti wasiya chaja. Pageti tidafika dzuwa lili paliwombo. Katchenedwe ndiye musanene: mkulu wina jekete ndi tayi, amayi ena nsapato za gogoda, ine shati yabuluu yatsopano. Gaidi yemwe adatilandira, bambo wachikulire ndithu, adatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kutifunsa mwanthabwala, koma mwaulemu, ngati mabwana tabwera kudzaona nyama kapena kuti nyama zidzatione. Tidazungulira maola awiri. Tidaona njiri, nswala zingapo zitaima pamthunzi, ndi ndowe za njovu. Pobwerera m'minibasi mudali mkangano, ena akuti gaidi uja watibisira nyama chifukwa sitidalipire madola. Ine ndidali m'gulu la odandaulawo. Zidatengera ulendo wachiwiri kuti ndizindikire kuti olakwa tidali ife.

Chowawa n'choti nyamazo zilipo, ndipo zilipo kuposa momwe zidalili ife tili ana. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njovu zidali zitatheratu m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha opha nyama mozembera. Boma litagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003 kuti liziyendetsa nkhalangoyi, zipembere zidabwezedwamo chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018. Lero ku Majete kuli nyama zonse zisanu zomwe alendo amawolokera nyanja: njovu, mkango, kambuku, njati ndi chipembere. Ku Liwonde bungwe lomweli lidalowako mu 2015. Akakwiyo adabwezedwako mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Njovu zidachulukana mpaka pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina zoposa 250 zidapita ku Kasungu mu 2022. Munthu akabwerako ku Liwonde osaona njovu m'chilimwe, nthawi zambiri vuto limakhala la wotchi yake.

Tiyambe ndi chomwe chidatigwetsa ife, nthawi. Nyama zakutchire zili ngati mlimi wa kumudzi, zimalawira. Kunja kukangoyera zimakhala zili kale pantchito, kudya, kumwa, kusaka. Dzuwa likakwera zimalowa m'mithunzi n'kukhala phee mpaka cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Mkango ndiye umagona gawo lalikulu la tsiku, ndipo ukagona m'udzu wouma mutha kuudutsa pafupi penipeni osauona. N'chifukwa chake magaidi amanyamuka ndi alendo cha m'ma 6 koloko m'mawa n'kubwerera cha m'ma 9 kapena 10, kenako n'kutulukanso chakumadzulo. Amene wafika pageti 12 koloko walipira ndalama yofanana ndi mnzake wa 6 koloko, koma iye wagula maola omwe nkhalango ili mtulo. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Majete ndi makilomita pafupifupi 70, kutsika zikhotakhota za kuphiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire n'kudutsa pa boma la Chikwawa. Mukanyamuka m'bandakucha mukafika nthawi yabwino. Koma wa ku Lilongwe yemwe akufuna kukaona Liwonde tsiku limodzi n'kubwerera akungodzinamiza. Gonani pafupi. Ngati malo ogona a m'kati mwa paki akukukulirani mtengo, m'tauni ya Liwonde muli malo otsikirapo, ndipo geti silili kutali.

Nyengo nayo n'chimodzimodzi. Kuyambira Juni mpaka Okutobala udzu umauma, masamba amayoyoka, zithaphwi za m'tchire zimaphwa, ndiye nyama zimakakamizika kutsikira kumadzi. Ku Liwonde zikatero zimadzaza m'mbali mwa Shire. Okutobala ndiye mwezi woonera nyama zambiri, koma kuchigwa kumatentha moti madigiri 40 si nkhani. Ngati mukutenga agogo kapena khanda, Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi yachifundo. M'dzinja tchire limakongola, nswala zimakhala zaswa ana, mbalame zochokera kumaiko akutali zimakhala zafika, ndipo malo ambiri ogona amatsitsa mitengo. Koma walira mvula walira matope. Udzu umatalika, nyama zimabalalika chifukwa madzi ali paliponse, ndipo misewu ina ya dothi la makande imatsekedwa. Tsoka ilo, tchuthi chathu chachikulu, cha Khirisimasi, chimagwera nyengo imeneyi. Sindikuti musapite ayi. Imbani foni mufunse ngati misewu ikupitika, ndipo ngati ndi ku Liwonde ikani ndalama yanu pa ulendo wa paboti, chifukwa mvuu ndi ng'ona sizisamuka mumtsinje.

Tibwere ku ndalama, poti apa ndi pomwe maubale amathera. Mtengo womwe mwauona pa Facebook kawirikawiri sukhala wa ulendo wonse. Pali ndalama yolowera pageti, yomwe amawerengera munthu aliyense pa tsiku. Pali ya galimoto ngati mwalowa ndi yanu. Pali ya kuzungulira ndi gaidi pa galimoto ya paki, ya boti, ya malo ogona, ya chakudya. Ena amaphatikiza zonsezi pa mtengo umodzi, ena ayi. Musanatumize ngakhale tambala, funsani kuti mtengowo muli chiyani ndi chiyani, ndipo yankho libwere lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwepo, kuti mawa pasakhale zoti sitidagwirizane choncho. Ife Amalawi tili ndi manyazi ofunsa mtengo, timaopa kuoneka osauka, ndiye timakachita manyazi enieni pakauntala ana akuona. Safunsa adadya phula.

Chinthu chomwe ambiri sadziwa n'choti nzika ya Malawi imalipira ndalama yochepa kwambiri pageti poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja, ndipo malo ambiri ogona ali ndi mtengo wapadera wa anthu okhala m'dziko muno. Mtengo umenewo saperekera nkhope kapena poti mukuyankhula Chichewa. Nyamulani chiphaso cha unzika, wamkulu aliyense chake. Chinanso, mitengo yambiri ya malo ogona imalembedwa m'madola. Tonse tikukumbukira zomwe zidachitika mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti; mtengo wa m'madola umatha kukhala wina m'makwacha tsiku lomwe mwafunsa, n'kukhalanso wina tsiku lomwe mwafika. Funsani kuti dola akuiwerengera pa makwacha angati, komanso ngati mtengo uima pomwepo mukapereka ya chikole.

Masiku ano kwabuka timakampani tambiri tokonza maulendo a magulu, ndipo achinyamata ambiri omwe akuchita bizinesi imeneyi ndikuwaombera m'manja, chifukwa akutengera kupaki anthu omwe sakadapondako. Koma pakati pawo pali akamberembere: tsamba la zithunzi zokongola, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, mwatumiza theka, foni yathima. Njira yowagwirira n'njosavuta. Imbani nokha kumalo komwe akuti mukagona, mufunse ngati gulu lanu lasungitsadi malo tsiku limenelo. Ndipo popita nyamulaniko ndalama ya m'thumba, chifukwa kutchire netiweki imabwera ikafuna. Pa ndalama imeneyo patulanipo kangachepe ka gaidi. Si lamulo, koma munthu wadzuka 4 koloko, wakutsogolerani tsiku lonse, wapirira mafunso a ana anu. Kungomupatsa zikomo wa pakamwa pomwe mowa wokha mwawononga ndalama zambirimbiri sizikhala bwino.

Pa zovala ndiyambe ndadziseka ndekha ndi shati yanga yabuluu ija. M'nkhalango monga Vwaza, Nkhotakota, Kasungu ngakhalenso mbali zina za Liwonde muli kashembe, ntchentche yoluma ngati singano yomwe imatha kufalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda. Mukaona nsalu zabuluu ndi zakuda zitapachikidwa m'mbali mwa msewu wa m'paki, imeneyo ndi misampha yake, yopakidwa mankhwala. Ndiye munthu wovala shati yabuluu ndi buluku lakuda amakhala wasanduka msampha woyenda. Valani za mtundu wa dothi, khaki, zobiriwira mozimiririka. Simufunika kugula zodula zomwe timaona alendo atavala, za matumba paliponse zija. Pa kaunjika zoyenera zili mbwee. Malaya a manja aatali, buluku, nsapato zotseka, chipewa. Zoyera zimaonekera patali, ndipo pofika masana zimakhala zasanduka zofiira ndi fumbi. Mafuta onunkhira asiyeni kunyumba.

Juzi musaiiwale. Galimoto zozungulira m'paki zilibe magalasi, ndipo mphepo ya 6 koloko m'mawa mwezi wa Juni imalowa m'mafupa ngakhale ku Liwonde komwe timati n'kotentha. Ku Nyika ndiye nkhani ina. Phirilo latalika kuposa mamita 2,000, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi chisanu chimatha kuyeretsa udzu. Wopita ku Chelinda ndi tisheti yokha akaona mbidzi ndi nchefu ali njenjenje, mano akuombana.

Za umoyo ndidutsapo mwachangu, koma mumve. Amalawi timadzitenga ngati tidazolowerana ndi udzudzu, pomwe wa m'mbali mwa Shire sudziwa kuti munabadwira kuno. Gonani m'neti, pakani mankhwala othamangitsa udzudzu dzuwa likamalowa. Abale athu okhala ku Britain kapena ku Joni omwe abwera patchuthi ndiye asamale kwambiri, chifukwa thupi likakhala zaka kunja limataya chitetezo chomwe lidali nacho ku malungo; aonane ndi dokotala asanakwere ndege, iwo ndi ana awo omwe. Mukabwerako kupaki thupi n'kuyamba kutentha, pitani mukayezetse, ndipo muwauze achipatala kuti mudali kunkhalango komanso ngati kashembe adakulumani, chifukwa kaodzera poyamba amaoneka ngati malungo. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP, a mphumu kapena ma ARV, anyamuleni m'kachikwama ka m'manja ndi ena apadera, poti chipatala chimakhala kutali. Madzi akumwa munthu aliyense asachepere malita awiri. Mowa si madzi, abale.

Galimoto. Ndikudziwa kuti ka Vitz kanu mumakakhulupirira, kadakufikitsani kumudzi m'dzinja. Komabe ine malangizo anga ngoti mukakasiye pa ofesi ya paki n'kukwera galimoto ya gaidi. N'njaitali, mumaona pamwamba pa udzu, ndipo amene akuyendetsa amadziwa msewu uliwonse komanso amauzana ndi anzake komwe nyama zaoneka. Woyendetsa yekha maso amakhala pa maenje, nyama n'kumazidutsa. Ngati mukupita ku Nyika, kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pageti la Thazima, kenako makilomita ena pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda, pamafunika galimoto yamphamvu, tayala lapadera lomwe lili ndi mpweya, jeke yogwira ntchito, ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwerera. Ndi momwe mafuta akhala akuvutira m'dziko muno zaka zapitazi, osanyamuka ndi theka la thanki n'kumati tikathira kutsogolo.

Zonsezi n'zonyamula m'chikwama, koma chofunika kuposa zonse ndi makutu. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe timalakwa kwambiri, ndipo ndi pomwe munthu angataye moyo. Ife tikalipira ndalama timasanduka mabwana. Gaidi timamuona ngati dalaivala wathu, mwinanso poti ndi Mmalawi mnzathu wochokera m'mudzi wa pafupi ndi paki, timaganiza kuti palibe chomwe angatiuze. Mlendo wochokera kunja gaidi akati khalani pansi amakhala pansi. Ife timayamba kufunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo ndidaonapo ndi maso anga bambo wina akukakamiza gaidi kuti ayandikire njovu poti foni yawo sikoka patali. Munthu amene mukumunyozayo amawerenga mapazi padothi ngati momwe inu mukuwerengera nkhaniyi. Akamva anyani akukuwa mwa mtundu wina kapena nswala zikufwenthera zonse zitayang'ana mbali imodzi, amadziwa kuti pali chilombo pafupi, inu mukungoona tchire.

Malamulo ake ali ndi zifukwa. Akati musaimirire kapena kutulutsa mkono, n'chifukwa choti nyama zidazolowera galimoto ngati chinthu chimodzi chachikulu chosaopsa. Mukaimirira, zimaona munthu, ndipo zina zimathawa, zina zimakwiya. Akati musatsike, musatsike, ngakhale mkodzo utakuvutani. Muuzeni, adziwa poimira pabwino. Njovu ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu ikukuchenjezani. Yaikazi yomwe ili ndi mwana, kapena yamphongo yomwe ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu pakati pa diso ndi khutu, siichedwa kupsa mtima. Yamphongo yaikulu imalemera matani asanu kapena kuposa apo ndipo imathamanga kuposa munthu. Mvuu, yomwe masana imaoneka yaulesi m'madzi, usiku imatuluka kukadya msipu ndipo imadutsa pakati pa matenti. Ndiye malo ogona akakuuzani kuti usiku musayende nokha, dikirani wokuperekezani, ngakhale chipinda chanu chikuoneka poteropo. Paboti manja akhale m'kati, ndipo jekete yoyandamitsa ija muvale, kaya ikuwononga chithunzi. Ngati mwasankha ulendo wapansi, mumayenda pamzere kumbuyo kwa skauti wa mfuti, mwakachetechete, ndipo chilombo chikatulukira simuthawa pokhapokha iye atatero. Ulendo wapansiwu ana aang'ono saloledwa, choncho funsiranitu zaka zomwe amalola musanawalonjeze.

Phokoso ndiye matenda athu. Ndimakonda kwaya, ndidaimbapo tenala zaka zingapo, koma gulu la kumpingo likayamba korasi m'galimoto ya m'paki, nyama zonse za dera limenelo zimasamuka. Sipika ya Bluetooth ikhale m'chikwama, foni ikhale chete, ndipo kula bokosi itsegulidwe mukabwerera kumalo ogona. Munthu woledzera samva malangizo, ndipo gaidi ali ndi ufulu wotembenuza galimoto n'kubwerera. Amene aluze ndi gulu lonse. Anyani musawaponyere chakudya. Nyani wozolowera kupatsidwa amasanduka mbava, kenako amayamba kuluma anthu, mapeto ake amaphedwa chifukwa cha chisikono chomwe inu mudaponya pofuna chithunzi. Zipatso musasunge m'tenti. Mabotolo ndi mapepala mubwerere nawo.

Ndinenenso za chiyembekezo, poti ambiri timapita ndi mtima wa munthu wogula katundu m'golosale: ndalipira, mkango uli kuti? Paki ya Liwonde ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 500, ndipo nyama sizimangidwa pa chingwe. Gaidi woona mtima sangakulonjezeni mkango, ndipo amene wakulonjezani mumukayikire. Chipembere ndi kambuku pali anthu omwe apita kangapo osaziona. Ulendo wanga wachiwiri, ku Liwonde mwezi wa Ogasiti, mkango sindidauone. Tidali paboti chakumadzulo, woyendetsa adathimitsa injini pa gombe lina n'kutiuza kuti tidikire. Tidakhala mwina theka la ola, ena ayamba kung'ung'udza. Kenako kuseri kwa migwalangwa kudatuluka njovu, imodzi, ziwiri, mpaka gulu lonse, zikutsetserekera kumadzi, ana ali pakati. Zidalowa mumtsinje kutsogolo kwathu, tiana tikungooneka zitamba pamwamba pa madzi. Boti lonse lidangoti zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tikadaumirira kuti tizipita tikadangomva kwa ena. Tsiku lomwelo ndidaona nkhwazi ikutsomphola nsomba, chinthu chomwe pa ulendo woyamba sindikadachiwerengera n'komwe chifukwa mtima udali pa mkango basi.

Ana akonzekeretseni musananyamuke. Auzeni kuti pakhala kudikira, ndipo muwaphunzitse maina. Mwana wa mlongo wanga amadziwa giraffe ndi cheetah za pa TV, koma nditamufunsa kadyansonga ndi kakwiyo adangoti kakasi. Mphalapala, ngoma, chilembwe, nchefu, mbawala, boo wa ku Lengwe: maina amenewa akutha m'kamwa mwathu pomwe nyama zake zikuchuluka. Mkango, kambuku ndi nkhwazi zili pa chizindikiro cha dziko lathu, mwana amaziona pa ndalama ndi pa makalata a boma. Mupempheni gaidi amuuze maina a Chichewa, mudzaona momwe nkhope ya gaidiyo iwalire. Binoculars imodzi ikwanira banja lonse, bwerekani ngati mulibe. Pawabanki nayo nyamulani, koma foni muziyiikako pansi nthawi zina, poti zithunzi zambiri za pafoni zimangotuluka kadontho kakuda pakati pa tchire.

Amene mukuganiza zowoloka malire kupita ku South Luangwa ku Zambia, kudzera pa Mchinji ndi Chipata mpaka ku Mfuwe, chiyankhulo sichikakuvutani chifukwa kumeneko Chinyanja n'chawo. Koma dziwani kuti uko ndinu alendo: mtengo wa nzika sukukhudzani, ndipo pamafunika pasipoti, mapepala a galimoto ndi inshuwalansi yogwira ntchito m'dzikomo.

Pobwerera, m'mbali mwa msewu wina atha kukunong'onezani kuti ali ndi nyama yowamba ya m'tchire, mwinanso mamba a ngaka kapena kanthu kosemedwa ndi mnyanga. Lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 kundende. Wogula naye amanjatidwa. N'zomvetsa manyazi kulipira ndalama m'mawa kuti ukaone mbawala, madzulo n'kulipiranso kuti uidye. Komanso tisaiwale kuti anthu okhala m'mphepete mwa mapakiwa ndi amene amalipira mtengo weniweni wa nyama zomwe ife timakajambula. Ku Kasungu, chibwerereni njovu zija mu 2022, anthu a mbali zonse ziwiri za malire akhala akudandaula za minda yowonongeka ndi miyoyo yotayika. Ife timaona njovu kwa maola awiri. Iwo amagona nayo kuseri kwa nkhokwe. Chochepa chomwe mlendo angachite n'kusiyako ndalama m'midzi imeneyo: gulani tomato, mphasa, madengu, uchi, ndipo musanenerere mpaka kumuliza wogulitsa.

Tsono mawu anga kwa a unduna wa zokopa alendo, a nthambi yoona za nyama zakutchire, ndi eni malo ogona. Pafupifupi zonse ndalembazi zimapezeka pa intaneti, koma m'Chingerezi, pa masamba omwe adalembera munthu wa ku London yemwe ali ndi madola ndipo akukonza ulendo wa chaka chamawa. Mphunzitsi wa ku Ntaja yemwe akufuna kutenga ana a Sitandade 7, kapena amayi a banki m'khonde a ku Ndirande omwe agawana ndalama mu Disembala, alibe pomwe angawerenge m'chiyankhulo chawo kuti geti limatsegulidwa nthawi yanji, nzika imalipira makwacha angati, avale chiyani, ndipo aimbe nambala iti yomwe munthu amayankhadi. Tsamba limodzi lokha, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lomwazidwa pa WhatsApp n'kuwerengedwa pa mawailesi a m'madera, lingachite zambiri kuposa zikwangwani ndi matisheti a mwezi wa Seputembala. Malangizo a pageti nawo aziperekedwa m'chiyankhulo chomwe agogo omwe akhala kumbuyo kwa galimoto akumva, chifukwa njovu ikatambasula makutu si nthawi yomasulira. Ndipo malo ena ogona asiye khalidwe loti Mmalawi akaimba foni amayankhidwa mwamphwayi ngati akudzapempha ntchito. Nthawi ya Covid-19 ndege zitaima, amene ankagona m'zipinda zimenezo ndi anthu a m'dziko mommuno.

Ine Julayi akubwerayu ndikufuna kukaona Nyika, komwe sindidapiteko chibadwire, ngakhale ndi paki yaikulu kuposa onse m'dziko muno. Juzi ziwiri ndagula kale pa kaunjika, zonse za khaki. Chatsala n'kupeza mnzanga wa galimoto yamphamvu yemwe angavomere kudzuka 4 koloko.